Njerwa za Agogo

Tsiku lina m'kalasi ya kamasuliridwe ka mawu, aphunzitsi athu analemba pabolodi mawu achingerezi akuti architect ndipo anatiuza kuti tiwapezere mnzake m'Chichewa. Wina anati mmisiri. Wina anati womanga nyumba. Mnyamata wina amene amakonda kuyankha motalikitsa anati katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo aphunzitsi anavomera kuti yankho limenelo layandikira. Kenaka anawonjezera funso lina: nanga munthu amene ntchito yake si kumanga nyumba zatsopano koma kusamala ndi kudzutsa nyumba zakale, timutcha ndani? M'kalasi munangoti zii. Ine yankho ndinali nalo, koma silinali loyenera kulemba pamayeso, chifukwa kwathu munthu wotere tinkangomutcha kuti agogo.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anatisiya m'chaka cha 2021. Kwathu ndi ku Kasungu, dera lathyathyathya kumene maso amayenda osapunthwa mpaka akagunde phiri la Kasungu, ndipo paliponse pamene mungayang'ane mumaona zigafa za fodya. Kumeneko nyumba zimamera m'chilimwe, ndalama za kuokushoni zikatuluka. Mlimi akagulitsa bwino mabelo ake ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, sasowa kulengeza. Mumangoona uvuni wa njerwa ukufuka kuseri kwa nyumba, kenaka malata akung'anima. Nyumba yatsopano ndiyo lisiti limene mudzi wonse umawerenga. Choncho munthu wokonda makoma akale m'dera lotere amaoneka ngati mutu wake sukuyenda bwino, ndipo agogo anthu ankawaseka ndithu, ngakhale kuti khoma likang'aluka ankathamangira kwa iwo omwewo.

Sukulu sanapite nayo patali. Luso lawo analitenga kwa mmisiri wina wokalamba amene paunyamata wake anaphunzira kuwaka ku Khondowe, kusukulu ya Overtoun imene Robert Laws anatsegula mu 1894, komwe kuwonjezera pa aphunzitsi ndi alaliki ankasulanso akalipentala ndi amisiri omanga. Agogo ankati mkuluyo anawaphunzitsa kuwaka kwa chaka chimodzi chokha, koma kumvetsera khoma anawaphunzitsa mpaka tsiku limene anamwalira. Mawu amenewa ndinkawatenga ngati nthabwala za anthu okalamba kufikira tchuthi china, ndili ndi zaka 11, pamene ananditenga kuti ndizikawatungira madzi ndi kusefa mchenga patchalitchi chakale cha m'dera mwathu.

Tchalitchicho chinali cha njerwa zootcha zowakidwa ndi matope, ndipo chinamangidwa agogo asanabadwe. Titafika, iwo sanayambe ndi kusakaniza matope ayi. Anayamba kuzungulira nyumbayo pang'onopang'ono akugogoda njerwa imodzi ndi imodzi ndi chigwiriro cha mpeni wawo womangira, khutu ali chire.

"Nabanda, tabwera udzamve," anandiitana. "Iyi ikuti bwanji?"

"Ikuti ngwe, agogo."

"Nanga iyi?"

"Iyi ikuti phu."

"Eya. Ya ngweyo ili moyo, isiye. Ya phuyo yadwala. Ukhala mkazi wanga wabwino iwe, uli ndi makutu."

Njerwa yodwala ankaichotsa yokha, mofatsa ngati akuzula dzino, ndipo sankachotsa zopitirira zitatu pamalo amodzi zoyambazo zisanagwire. Ikakhala kuti yadyeka nkhope yokha, ankangoitembenuza kuti mbali yabwino iyang'ane kunja n'kuibwezera pamalo pake. Ikakhala kuti yafumbwa yonse, ankaikapo ina imene anaumba okha m'chikombole chawo chakale, chifukwa njerwa za makedzana zinali zazikulupo kusiyana ndi zimene anyamata amaumba masiku ano. Matope awo anali dothi la pachulu, mchenga wa kudambo ndi laimu pang'ono. Simenti ankaigwiritsa ntchito pomanga nyumba zatsopano za anthu, pakuti ndimo munkachokera ndalama ya mchere ndi sopo, koma pakhoma lakale sankaifuna n'komwe.

Nditawafunsa chifukwa chake, ananditengera kumbuyo kwa tchalitchi kumene munthu wina, zaka zam'mbuyo, anamatapo simenti pofuna kuthandiza. Simentiyo inali chiimire, yolimba gwa, koma njerwa zimene inazinga zinali zitakumbika ngati zisa za njuchi. Anandifotokozera kuti nthawi ya dzinja khoma limamwa madzi kuchokera m'nthaka, ndipo madziwo amafuna potulukira. Akapeza matope ofewa amatulukira m'matopemo, matopewo n'kumatha pang'onopang'ono, ndipo kuwabwezera ndi ntchito ya tsiku limodzi. Akapeza simenti njira imatsekeka, choncho amatulukira m'njerwa, n'kusiyamo tinthu toyera tonga mchere timene timaiphwanya m'kati. "Matope azifa, njerwa izikhala," ankatero. Ndili ku yunivesite ndinapeza mfundo yomweyi m'mabuku a akatswiri osamala nyumba zakale, yolembedwa ndi mawu ataliatali. Palibe chimene mabukuwo anawonjezera pa zimene ndinamva kuseri kwa tchalitchi, kupatula zithunzi.

Mayi anga amakonda kusimba za chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989, chimene chinamvekanso kwathu. Akuti khoma la kuguwa linachita mng'alu wotha kulowa chala, ndipo akuluakulu a mpingo anafuna kuti ligwetsedwe sabata yomweyo. Agogo anakana. Anamata timatope topyapyala modutsa mng'aluwo malo atatu, ndipo anauza anthu kuti adikire mpaka dzinja lotsatira lidutse. Timatopeto tikasweka ndiye kuti khoma likuyendabe ndipo vuto lili m'maziko; tikapanda kusweka ndiye kuti khoma linangodzidzimuka basi. Anthu anang'ung'udza chaka chathunthu, ena mpaka kusiya kukhala mabenchi a kutsogolo. Timatopeto sitinasweke. Agogo anasoka mng'aluwo polowetsa njerwa zopingasa, ndipo pamene ine ndinkatunga madzi pamalopo, patatha zaka 25, sindinathe kuloza pamene panali bala.

Apa ndi pamene pagona vuto la ntchito imeneyi, ndipo chiyankhulo chathu chimaliulula bwino. Mneni woti kumanga ndi waulemu wake. Timamanga nyumba, timamanga banja, timamanga mfundo, ngakhale wapolisi akagwira mbala timati waimanga. Nthawi zonse pamakhala chinthu chooneka, chimene dzulo panalibe. Mneni woti kukonza ndi wantchito wa aliyense. Timakonza njinga, timakonza ndiwo, timakonza pabwalo, timakonza mlandu, timakonzanso thupi la malemu. Wokonza akagwira bwino ntchito yake, chinthu chimangooneka ngati mmene chimayenera kuonekera, ndipo palibe amene amafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Womanga dzina lake limalembedwa pamwala wa maziko. Wokonza amapatsidwa nkhuku ndi mawu oti Mulungu akudalitseni. Agogo analandira nkhuku zambiri pamoyo wawo.

Ndikunena izi ndikudziwa kuti ngakhale pakati pa omanga, si onse amene mayina awo amakumbukika. Ife ophunzira ziyankhulo timamudziwa David Clement Scott chifukwa cha dikishonale yake ya Chimang'anja ya mu 1892, imene Alexander Hetherwick anadzaikonzanso mu 1929. Scott yemweyo ndiye anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre kuyambira 1888 mpaka 1891, wopanda maphunziro a zomangamanga, pogwiritsa ntchito njerwa za maonekedwe 81 osiyanasiyana zoumbidwa pamalo pomwepo. Nditachiona koyamba ndinaima kukamwa kuli yasa. Koma posakhalitsa ndinazindikira kuti ndikuyang'ana m'mizere ya matope, monga anandizolowezera agogo, ndipo ndinayamba kudzifunsa za manja amene anaponda dothi, kuumba ndi kuotcha njerwa zonsezo, komanso za manja ena amene akhala akuziphula ku mvula ndi chinyontho kwa zaka zoposa 130. Mlendo aliyense amauzidwa dzina la Scott. Enawo timangowatcha kuti anthu akuno.

Kumaiko ena wokonza amakhala ndi dzina. Nditafufuza pa intaneti za funso la aphunzitsi lija ndinakumana ndi mbiri ya Gawie Fagan wa ku South Africa, amene anabadwa mu 1925 n'kumwalira mu 2020, chaka chimodzi agogo asanamwalire. Chivomezi chitagumula tauni ya Tulbagh mu Sepitembala 1969, iye pamodzi ndi mkazi wake Gwen, amene anali dokotala, anatsogolera ntchito yodzutsa nyumba zakale za mumsewu wa Church Street, akufufuza zithunzi zakale kuti adziwe mmene nyumba iliyonse inkaonekera. Anatheranso zaka zoposa 30 akukonza linga la Castle of Good Hope ku Cape Town. Atamwalira, nyuzipepala zinalemba mbiri yake. Ndinawerenga mbiriyo ndi kansanje pang'ono, sindibisa. Koma ndinaonamonso funso limene linali litavuta kale pabanja pathu. Linga la ku Cape Town linamangidwa ndi kampani ya Adatchi pakati pa 1666 ndi 1679, ndipo ena mwa amene anasenza miyala yake anali akapolo. Kodi munthu akamasamala nyumba yotere amakhala akusamala chiyani, ulemerero wa mwini wake kapena thukuta la amene anaimanga?

Pabanja pathu funso limeneli linali ndi maonekedwe a balani. Kumapeto kwa munda wa agogo kunali balani lowambira fodya wa fuluu, lotsala la esiteti ina imene inagwa kalekale. Mwini wake atalephera kulipira agogo ndalama za ntchito imene anamugwirira, anawasiyira balanilo ndi kamunda kozungulira. Kwa amene sanalionepo, balani ndi nyumba yaitali kupita m'mwamba, yopanda mazenera, yokhala ndi ng'anjo kunja. Moto wa m'ng'anjomo umatenthetsa mapaipi achitsulo oyala pansi m'kati mwake, kotero kuti fodya wopachikidwa pamikangala mpaka kudenga amalandira kutentha kokha, utsi osamukhudza. Moto suzima usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata, mpaka tsamba lisanduke lachikasu, liume, ndipo pomaliza uume msana wake. Wosonkha moto akagona, fodya wa chaka chonse amawonongeka. Mabalani otere anameza misuku ndi miombo yambiri ya ku Kasungu. Kuyambira 1990, pamene boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, anthu a m'mudzi mwathu anatembenukira ku zigafa za mitengo ndi udzu, zimene sizifuna nkhuni, ndipo balani lathu silinasonkhedwenso moto.

Komabe agogo ankalisamala ngati mwana. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankakwera kukaona denga, kutseka pamene chiswe chalowa, kulambula ngalande kuti madzi asaime m'mbali mwa maziko, ndi kubwezera matope pamene atha. Ankasungiramo chimanga, ndipo mayi amati m'njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri boma lathu, mbewu yathu inapulumuka kwa akuba chifukwa cha chitseko cha balanilo. Amalume, mlongo wawo wa mayi, sankalifuna. Iwo anakulira pa esitetipo ndipo anaona matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo akugwira ntchito chaka chathunthu n'kubwerera kwawo ndi ngongole. Ankati balanilo ndi chipilala cha ukapolo, ndipo munthu wanzeru sangamataye mphamvu zake kupaka mafuta goli limene linamupweteka khosi.

Agogo sankatsutsana nawo. Tsiku lina amalume atayankhula kwambiri, agogo anangonditenga ine pamkono n'kupita nane kukhoma la kumvuma, kumunsi pafupi ndi ng'anjo. Anandionetsa njerwa ina imene inali ndi zidindo za zala zinayi, zazing'ono, za munthu amene anainyamula isanaume.

"Njerwa izi zinkaumbidwa ine ndili kamnyamata, ndikuponda nawo dothi," anatero. "Amayi anga ndi anzawo ndiwo ankazinyamula kukaziyanika. Sindikuti zala izi ndi zawo. Koma za mwini esiteti si zimenezi."

Ndinaika zala zanga m'zidindomo ndipo zinakwana. Palibe chithunzi cha mayi awo a agogo, ndipo manda awo anafafanizika kalekale.

Ndinasankhidwa kupita ku yunivesite agogo atamwalira kale. Chaka choyamba tinakwanitsa ndi fodya wa mayi ndi thandizo la amalume. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa chilichonse, kuyambira feteleza mpaka lendi ya kachipinda kanga, unalumpha. Kenaka kunabwera ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024 imene inawamba chimanga chili m'munda. Madzulo ena amalume anandiimbira foni. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za maphunziro ndi za thanzi, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera nkhani.

"Mphwanga, pali munthu wa patauni akufuna njerwa za balani lija. Akufuna kumanga sitolo. Ndalama yake ikhoza kukufikitsa kumapeto a chaka."

Ndinakhala chete.

"Ine maganizo anga ukuwadziwa. Koma mayi ako akuti tifunse iwe, poti ndiwe unkayenda nawo agogo ako. Ukakana, sitigumula. Tiona kwina."

Ndinkadziwa kuti kwinako kunalibe. Mbuzi zinali zitagulitsidwa kale. Ndinaganiza za lamulo la dziko lino loteteza nyumba zamakedzana, limene limatchinjiriza nyumba ngati Mandala ya mu 1882 ku Blantyre, ndipo ndinadziseka ndekha, chifukwa palibe amene angalembe balani la kumudzi m'kaundula wotere. Ndinaganizanso za mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindinapemphe ngakhale tsiku limodzi loti ndiganize.

"Gumulani, amalume," ndinatero.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinalira usiku wonse, koma zoona zake n'zakuti ndinagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Manyazi anadzabwera pambuyo, ndipo anabwera ndi nkhani imene amalume anandiuza mosangalala nditapita kutchuthi. Anati anyamata ogumula anadabwa kwambiri. Nyumba yowakidwa ndi simenti ikamagumulidwa, njerwa zambiri zimasweka chifukwa simenti imakana kuzisiya, ndipo mwini wake amatola zidutswa. Koma njerwa za balani zinkachoka zathunthu, imodzi ndi imodzi, ndipo matope ankangoyoyoka ukawapala ndi chikwanje. Pafupifupi zonse zinagulika, ndipo wogulayo anawonjezera mtengo ataona kukula ndi kulimba kwake. Ndiye kuti chisamaliro chonse cha agogo, kukana kwawo simenti, kukwera kwawo padenga chaka ndi chaka ali ndi zaka zoposa 70, ndi chimene chinachititsa kuti balanilo likhale lokoma kugumula.

Mayi anga amati izi zikusonyeza kuti agogo ankadziwa chimene ankachita, kuti ankandisungira ine chuma m'khomamo monga ena amasungira ng'ombe m'khola. Ndi mawu otonthoza, ndipo ndimawalandira chifukwa cha ulemu. Koma ine ndinayenda nawo munthu uja, ndipo sindinawamvepo akuwerengera njerwa ngati ndalama. Ankafuna kuti balanilo liime, basi. Akanakhala moyo mwina akanavomera kuti ligwe chifukwa cha sukulu yanga, pakuti ankandikonda, koma akanavomera akudziwa kuti akutaya kanthu. Sindifuna kuwalanda kutaya kumeneko pongofuna kuti mtima wanga ukhale m'malo.

Tchalitchi chija chilipobe, ngakhale kuti mpingo unamanga china chachikulu pambali pake ndipo chakalecho ana amaphunziriramo Sande sukulu. Chaka chatha anachipaka pulasitala wa simenti kuzungulira konse ndi penti woyera, ndipo kunena zoona chikuoneka bwino kuposa kale. Anthu amene anasonkha ndalama zake anachita zimenezi mwachikondi. Ndinapita kumbuyo kwake n'kugogoda kumunsi ndi kamwala. Malo awiri anayankha kuti phu.

Njerwa ya zala zinayi ndinaiwala kuwauza amalume kuti andisungire, ndipo pamene ndinkakumbukira n'kuti ngolo zitatuta zonse. Tchuthi chapitachi ndinakwera kabaza kupita patauni pamene pali sitoloyo. Yamangidwa bwino, ili ndi khonde lalikulu, ndipo makoma a m'mbali sanapakidwe pulasitala. Ndinazizindikira njerwazo ndili patali chifukwa cha kukula kwake, ndipo zina zikadali ndi mwaye wa ng'anjo. Zawakidwa ndi simenti yambiri, yotuwa, yosefukira m'mizere. Ndinayenda m'mbali mwa khoma lonse ndikuyang'ana mzere ndi mzere mpaka pamene maso anga anatha kufika, koma zala zija sindinazione. Mwina zinayang'ana m'kati, mwina zili m'maziko.

Mwini sitolo anatuluka atandiona ndikusuzumira khoma lake.

"Achemwali, mwataya chiyani kumeneko?"

"Palibe, bambo. Ndimangoona njerwazi."

"N'zolimba zimenezo, za makedzana. Masiku ano simungazipeze. Tikagulitsa fodya chaka chino tipaka pulasitala, mudzaone mmene pakongolere."

Ndinafuna kuwauza kuti asakanizeko laimu ndipo achepetse simenti, makamaka kumunsi. Mawu anafika pakamwa, koma ndinadziona mmene ndinkaonekera: mtsikana wa jini ndi kachikwama ka mabuku, akulangiza bambo wa sitolo za kamangidwe. Ndinagula sopo wochapira ndi machesi, ndipo wakabaza anali akundidikira pansi pa mtengo wa mango.